Beseni la Naphiri ndi Diso la Alamu Anga

Lachiwiri la sabata yatha ndinaitanidwa kuti ndikapulumutse ukwati umene sunali kutha n'komwe.

Ndinali nditangoweruka ku ofesi ya mgodi wathu kuno ku Gatooma, kumene ndimalemba matikiti a anthu olowa pansi, ndipo nsapato imodzi ndinali nditavula kale. Pakhomo panamveka odi wa anthu awiri, odi waphuma. Anali amayi a Joni ndi amayi a Feluna, anansi a mlongo wanga Naphiri kumunsi kwa komboni, ku nyumba za anthu apabanja.

"Ankhoswe, bwezerani nsapatoyo kuphazi," anatero amayi a Joni asanakhale n'komwe pansi. "Achemwali anu mutu wazungulira. Akuthira amuna awo madzi kumaso."

"Madzi?"

"Beseni lathunthu. Dzana, dzulo, ndi leronso ayamba. Taona ndi maso athuwa kuseri kwa nyumba. Bamboyo amangogwada ngati ali m'tchalitchi, osayankha ngakhale liwu limodzi. Kaya anamudyetsa chiyani."

Inu owerenga mukudziwa kulemera kwa nkhani imeneyi. Kwathu mkazi akathira mwamuna wake madzi, sizithera pakhonde ayi. Pamafunika ankhoswe a mbali zonse, ndipo nkhuku imafa. Kuno kuchilendo nkhoswe ya kuchikazi ndine ndekha, popeza amalume athu ali kutali ku Dowa. Choncho ndinavala jekete, n'kumanga ndi tayi yomwe. Panjira ndinkakonza mawu m'mutu, mawu okoma kwambiri okhala ndi miyambi itatu, ndipo mpaka lero zikundiwawa kuti palibe amene anawamva.

Nditafika ndinapeza theka la komboni likusuzumira pampanda. Kuseri kwa nyumba alamu anga a Yotamu anali atagwadadi, malaya atavula, manja kumbuyo, maso atatong'ola. Patsogolo pawo panali Naphiri ndi beseni lochapiramo. Ankatapa madzi ndi chikhatho n'kuwawaza kumaso, khwa!

"Mwaphethira, abambo a Estere. Tiyambirenso."

"Naphiri!" ndinakuwa ndi mawu anga a ku ofesi. "Kodi ulemu unautaya powoloka Zambezi?"

Iye sanadzidzimuke n'komwe. "Achimwene, mwabwera bwino. Khalani apo muziwayang'ana zikope. Ine kuthira ndi kuyang'ana nthawi imodzi zikundivuta."

Alamu anga anangoti, "Alamu, musandilankhulitse. Ndili pasukulu."

Ndikufotokozereni za sukulu imeneyi, chifukwa ine ndinaimvetsa nditakhala pampando, tayi ili m'khosi.

Aliyense amene wakhala kuno ku Rhodesia akudziwa kuti Lamulungu masana ndi la nkhonya. Ena amapita ku ng'oma, ena ku mowa, koma gulu lalikulu limakaunjikana pa bwalo la zingwe kukaona amuna akusinthana zibakera. A Yotamu analowa m'gulu la omenyawo chaka chatha. Mphamvu ali nazo, musakayike. Zaka zisanu ndi zitatu akhala akugwira jekihama, makina aja oboolera mwala pansi pa mgodi, ndipo mikono yawo ili ngati misi. Anakatemeranso mangolomera, mankhwala olimbitsa zibakera, kwa sing'anga wina wa ku mafamu a ku Selous, mphini zake zikuoneka pamfundo za zala. Pakomboni pano anagwetsa anyamata angapo, n'kuyamba kuyenda ngati mgodi ndi wa bambo awo.

Kenaka anapita ku Hartley, kumene eni dziko amati Chegutu. Kumeneko kuli mnyamata wa Chishona wonyamula matumba pa siteshoni, amene anzake anamupatsa dzina loti Chitima. Anawagwetsa alamu anga kawiri, ndipo maulendo onse awiri anamenya malo amodzi, diso la kumanzere. Ulendo wachiwiri disolo linatupa sabata ziwiri. Dokotala wa mgodi analiunika ndi katochi n'kunena mosabisa kuti likadzatupanso choncho, pansi sadzalowanso. Munthu wa diso limodzi samupatsa jekihama. Wopanda ntchito alibe nyumba pakomboni. Ndipo m'nyumba imeneyo muli mlongo wanga ndi ana atatu.

Ine monga nkhoswe ndinawauza nthawi imeneyo kuti asiye. Anandiyankha mwaulemu ndithu, n'kukalembetsa dzina kuti akamenyane ndi Chitima kachitatu. Ndinapsa mtima, sindibisa, ndipo mwezi wathunthu sindinaponde pakhomo pawo. N'chifukwa chake za besenizi ndinamva kwa anthu ena.

Tsiku limene anagwa kachiwirilo, alamu anga atakhala pa mgolo atagwira diso, panabwera mkulu wina wowonda, wa kapusi yoyera kumutu. Dzina lake ndi Che Bwanali, wa kwathu cha ku Mangochi, amene amachapa zovala pa hotela ina ku Hartley. Nkhonya anaziphunzira ku usilikali nthawi ya nkhondo. Anawayang'ana alamu anga n'kunena kuti, "Baba, musandiuze ntchito yanu, ndikuuzani ndine. Mumaboola mwala."

"Mwadziwa bwanji, Che?"

"Chibakera chikamabwera mumatsinzina. Si mantha ayi. Ndi mwala umene unakuphunzitsani."

Taganizani bwino pamenepa, chifukwa nkhani yanga yonse yagona apa. Munthu wa jekihama tsiku lonse tizidutswa ta mwala timamuthethekera kumaso. Kuti maso ake apulumuke, thupi lake linaphunzira lokha kuti chinthu chikamabwera kumaso, zikope zitseke. Pansi pa mgodi imeneyo ndi nzeru. M'bwalo la nkhonya ndi kudzipereka kwa mdani. Alamu anga ankamenyana ndi munthu wopenya iwo atatsinzina, kenaka n'kumadabwa kuti mangolomera asukuluka.

Che Bwanali sananyoze mangolomerawo. Anangoti, "Mankhwala anu ali m'manja, baba, ndipo akhale momwemo. Koma manja alibe maso."

Anawalamula kuti mwezi wathunthu asaponye chibakera ngakhale chimodzi. M'malo mwake wina aziwawaza madzi kumaso tsiku ndi tsiku, mpaka maso azolowere kuona chinthu chikubwera osatseka. Akatha madzi, sokosi yonyowa yopiringa. Akatha sokosi, golovesi yomwe, koma yongogunda pang'ono. Lamulungu lililonse azipalasa njinga kupita ku Hartley kukaonetsa pamene afika.

Nanga wowaza madziyo akanakhala yani? Anzawo a pansi akanawaseka mpaka Khirisimasi. Anatsala ndi mkazi wawo.

Ndinamufunsa mlongo wanga kuti wavomera bwanji, iye amene ankadana ndi nkhonya kuposa ine.

"Achimwene, ndinaletsa. Ndinalira. Magolovesi ndinawabisa m'thumba la ufa, anakawapeza, tinadya sadza yonunkha chikopa sabata yathunthu. Ndinaona kuti munthuyu apita basi, ndifune ndisafune. Ndiye ndinati ngati n'kupita, apite akupenya."

Ine ndi sukulu yanga ya mishoni ndinangodziwa kukwiya. Iye anali atapeza chochita.

Ndipo musaganize kuti ntchitoyo inali kumuwawa. Ndi mkazi uti pakomboni pano amene sangakondwe atauzidwa kuti kuthira mwamuna wake madzi kumaso ndi mankhwala, ndipo azichita kawiri patsiku? Sabata zoyamba ankachitira m'nyumba kuopa maso a anthu. Anatuluka kuseri ataona kuti pansi pasanduka dambo ndipo mphasa zayamba nkhungu. Apo ndi pamene amayi a Joni anaonera.

Ine ndinati, "Komatu kupenya n'kovuta chiyani? Munthu aliyense amapenya."

Ndinalakwa kunena zimenezo pamaso pa mlongo amene ndinkamulanda mbatata tili ana. Anatapa madzi. Ine ndinatsinzina madziwo asanachoke n'komwe m'dzanja lake. Tayi inanyowa, jekete inanyowa, anthu a pampanda anaseka mpaka ena kukhala pansi, ndipo mlandu wa ukwati unathera pomwepo popanda nkhuku kufa.

Tsono ndilankhule nanu, anyamata a kwathu amene mwadzaza m'makomboni ndi m'malokeshoni, aliyense akufuna kukhala katswiri.

Kodi inu nkhonya mumaziphunzira bwanji? Ndakhala ndikuona. Munthu akalandira malipiro a tikiti yake yoyamba amathamangira kwa sing'anga. Akachoka kumeneko amakapachika thumba la mchenga pamtengo n'kulimenya ngati linamubera mkazi, mpaka zala kusupuka. Loweruka amwa mowa waukali wa chikokiyana kuti mtima ulimbe. Lamulungu alowa m'bwalo. Akagwa akuti mnzakeyo mankhwala ake ndi aakulu, n'kuyamba kufunsa za sing'anga wina wa kutali kwambiri.

Onse akufuna kuphunzira kumenya. Amene akufuna kuphunzira kusamenyedwa sindinamuone.

Thumba la mchenga ndi labwino, koma silibwezera. Silingakuuzeni kuti mukamaponya dzanja lamanja, lamanzere limagwa. Silingakuuzeni kuti mumatsinzina. Zimenezo zimafuna munthu woima pambali, wokuyang'anani bwino, amene saopa kukuuzani zokuchititsani manyazi. Wakutsina khutu ndi mnansi. Koma ife mnzathu akatiuza cholakwa timati akutichitira nsanje, ndipo mkulu wowonda ngati Che Bwanali tikamuona timayamba tayeza mikono yake tisanamve mawu ake.

Alamu anga m'sabata zisanu ndi imodzi sanachite chodabwitsa chilichonse. M'mawa asanalowe pansi ankathamanga kukafika ku njanji n'kubwerera. Akaweruka ankadumpha chingwe choyanikira zovala, Naphiri akuwakalipira kuti achifupikitsa. Kenaka beseni. Kenaka sokosi. Thumba analibwerera mochedwa, ndipo lake linali la utuchi, losapweteka zala. Loweruka ankagona msanga. Zonsezi n'zotopetsa, zilibe ulemerero, palibe amene angakuombereni m'manja chifukwa chogwada kutsogolo kwa beseni. Koma pang'onopang'ono ndi mtolo.

Lamulungu lokakumana ndi Chitima linafika. Tinakwera lole kupita ku Hartley, ine, alamu anga ndi Naphiri, amene anakana kutsala. Ndinkayang'ana diso la kumanzere lija njira yonse, ndikuwerenga m'mutu zimene tingachite ndi ana atatu ngati litatsekeka.

Che Bwanali tinawapeza atakhala pafupi ndi zingwe, manja awo otuwa ndi sopo atawapinda pamaondo. Nditawapatsa moni anati, "Ndinu a kalaliki aja anasamba atavala tayi?" Mbiri imayenda msanga kuposa lole.

Nkhonya zoyambirira zili mkati, mkuluyo anayamba kundisonyeza zimene ine sindinkaziona.

"Uyo wa kabudula wofiira, muoneni. Zibakera zake zonse zikuchokera pansi, zikuzungulira kutali. Ameneyo ndi malaisha, amakweza miyala ndi fosholo. Akuponya munthu ngati akudzaza ngolo."

Ndinafunsa kwa anthu, ndipo analidi malaisha.

"Mnzakeyo ndi khukhi wa azungu. Mwaona manja ali m'munsi, patsogolo pa mimba? Wanyamula thireyi. Chibwano chili pamtunda, akudikira kuti dona amuitane."

Sanamalize n'komwe, khukhiyo anali pansi.

Anandiuza kuti mesenjala wa njinga miyendo ali nayo koma chiuno chake sichitembenuka, ndipo telala amaweramira kutsogolo ngati akufunafuna singano. Ndinafunsa kuti nanga kalaliki. Anandiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kutayi, n'kunena kuti, "Kalaliki azigwira jekete za anzake." Sindinawatsutse.

"Munthu sabwera m'bwalo yekha, baba," anapitiriza. "Amabwera ndi ntchito yake pamsana. Mphunzitsi wopusa amayamba ndi kuwonjezera. Ine ndimayamba ndi kuchotsa, ngati pochapa. Sungasite malaya ali ndi litsiro."

Kenaka woitana mayina anatchula dzina la alamu anga, ndi la Chitima.

Chitima ndi wamtali, wa manja aatali, ndipo anthu a kwawo anali ambiri. Nkhonya zisanayambe n'komwe anayamba kukuwa m'Chishona kuti amumenye munthu wa ku Nyasaland. "Murove! Murove MuNyasarande!" Athunso, ochepa omwewo, ankayankha kuti mmenye, m'chilankhulo cha pansi pa mgodi, "Chaya yena, Yotamu! Chaya!"

Chigawo choyamba sichinayambe bwino. Chitima anaponya dzanja lamanja molunjika malo ake akale, ndipo ine ndinaona ndi maso anga zikope za alamu anga zikutseka. Mwamwayi chibakeracho chinatera pakhutu. Naphiri anandigwira mkono mpaka zikhadabo kulowa. Belu litalira, Che Bwanali sanalankhule zambiri pangodya paja. Anaviika zala m'chitini cha madzi n'kuwawaza kumaso katatu. Alamu anga sanaphethire.

Chigawo chachiwiri ndinaona chinthu chimene sindinachionepo mwa iwo. Dzanja lija linabweranso, iwo anangosuntha mutu pang'ono, n'kulisiya lidutse. Linabweranso, analilandira ndi golovesi. Chitima anayamba kudabwa, ngati munthu amene wafika pachitsime chake cha masiku onse n'kupeza chatsekedwa. Alamu anga anamulasa kawiri m'nthiti, ndipo anthu a ku Hartley anayamba kuchepetsa phokoso.

Musayembekeze kuti ndikuuzeni kuti anamugwetsa. Ine sindilemba nthano. Chitima wakhala m'bwalo zaka zambiri, ndipo sabata zisanu ndi imodzi za beseni sizingafafanize zimenezo. Chigawo chachitatu anawang'amba mlomo alamu anga, anawapanikiza pazingwe, ndipo belu lomaliza litalira woweruza anakweza dzanja la Chitima. Zinali zoona, palibe amene anabera.

Koma alamu anga anali chiimire. Ndipo maso onse awiri anali otseguka, oyera, opanda ndi kachotupa komwe.

Anatsika m'bwalo akuseka, magazi ali m'mano, n'kundikumbatira mpaka kundidetsa jekete imene inali itangouma kumene.

"Alamu! Ndamuona!"

"Mwaona chiyani? Mwaluzatu."

"Munthuyo ndamuona! Ali ndi chipsera pachibwano apa, ndi dzino limodzi lobenthuka. Akafuna kuponya lamanja amayamba wakweza phewa. Alamu, ndamenyana naye kawiri konse mnyamata ameneyu, koma ndikanakumana naye pamsika sindikanamudziwa."

Ine ndinaseka, kenaka ndinapeza kuti misozi ikulengeza. Naphiri anafika pafupi ndi amuna ake. Anawagwira nkhope ndi manja awiri, n'kuitembenuzira kudzuwa, n'kuyang'anitsitsa diso lamanzere lija nthawi yaitali monga amayang'anira mazira pogula. Atakhutira anati, "Tiyeni kunyumba, ana sanadye."

Chitima mwiniwake anabwera kudzagwirana nawo chanza. "Shamwari, lero wandivutitsa," anatero, akusakaniza chilankhulo chathu ndi chake. "Wapita kwa n'anga iti?" Alamu anga analoza mkazi wawo. Mnyamatayo anamuyang'ana Naphiri mwaulemu waukulu, n'kubwerera m'mbuyo pang'ono.

Tisanakwere lole Che Bwanali anawakokera pambali alamu anga, ndipo mawu awo omaliza ndi amene andikhala m'mutu sabata yonseyi. "Baba, mawa mukalowa pansi, muzikatsinzina monga kale. Mwala si Chitima, sukweza phewa. Kupenya ndi kwa Lamulungu. Mukasokoneza masiku, diso limene tapulumutsa kunoli mukalitaya kumeneko."

Ndiye kuti kuphunzira sikunali kutaya nzeru yakale ayi. Kunali kudziwa malo ake.

Lolemba m'mawa ndinalemba tikiti ya alamu anga ndi dzanja langa, ndipo ndinawaona akulowa m'chikepe ndi anzawo, mlomo uli ndi kabala, nyale ili pachipumi. Nyumba ija ikadali yawo. Madzulo ake amayi a Joni anapita kwa Naphiri kukabwereka beseni, n'kufunsa monong'ona ngati mankhwalawa amagwiranso pa mwamuna amene samenya nkhonya. Ndauza ankhoswe anzanga kuti akonzeke.

Nkhonya sindinayambe kuzikonda, ndipo ndikanakhala ndi mphamvu alamu anga akanasiyira pomwepa. Koma akuti akufuna Chitima kachinayi, ndipo beseni labwerera kuseri kwa nyumba. Ine tsopano ndapatsidwa udindo woyang'ana zikope, nditakhala patali ndithu, tayi nditavula.

Tsono inu amene mukunola zibakera pokonzekera Lamulungu likudzali, mphini zili mbwee m'manja, mtima uli pa kubwezera, ndikufunseni kanthu kamodzi musanakwere lole. Munthu amene anakugwetsani ulendo watha uja, nkhope yake ndi yotani?